Machila Opanda Thumba: Za Anganga Eneleti ndi Mkamwini Wawo

Tiyamike ndi Madalitso, ana anga, mutu uno ndikulemba nditakhala pakhonde, pamene inu mukuganiza kuti ndagona. Chichokereni kuchipatala ndi bala la opaleshonili, mawu amene ndikumva m'nyumba muno ndi amodzi okha: "Amayi, gonani." Ndikafuna kukatunga madzi akumwa, gonani. Ndikafuna kukaona nkhuku zanga, gonani. Ndikudziwa kuti ndi chikondi, ndipo ndikuthokoza. Koma chikondi chomwechi ndinachiona chitatsala pang'ono kupha munthu kutsinde kwa phiri la Michesi, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna muisunge.

1995, Migowi

Nditamaliza kukoleji ya unamwino ndi kulandira satifiketi yanga, ananditumiza ku kachipatala kena m'dera la Migowi. Nthawi imeneyo Phalombe inali isanakhale boma payokha, zonse tinkakatenga ku Mulanje. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, mbaula, ndi iwe Tiya kumbuyo uli khanda. Bambo anu ankaphunzitsa ku Thyolo ndipo ankabwera mwezi ukatha. Matipate anali atangoyamba, pamsika aliyense ankalankhula za ufulu, koma m'kabati yathu ya mankhwala nthawi zambiri munkangokhala panado ndi mabandeji amene tinkachapa n'kuyanika. Ambulansi inali pamiyala. Njinga yamoto inalipo, koma petulo ankabwera ngati mlendo.

Mkulu wa pamalopo anali a Chikopa, amene anthu onse ankawatcha adokotala. Anali munthu wabwino koma wotopa, ndipo anali ndi mawu awo amene ankandiuza pafupifupi sabata iliyonse: "Sisitala, zimene zili kunja kwa mpanda uwu si zathu. Zam'kati zomwezi zikutikanika."

Ndikuuzeni zoona, ine ndinali munthu wamantha. Iwe Tiya ukangoyetsemula ndinkakupima kutentha kwa thupi. Madzi ako ndinkawiritsa, akazizira n'kuwiritsanso. Ndikabaya munthu jakisoni, ndinkamuperekeza ndi maso mpaka pageti kuti ndione ngati sagwa. Ndinkaopa kulakwitsa, ndinkaopa kunenedwa, ndinkaopa kuti tsiku lina aliyense adzazindikira kuti yunifolomu yoyerayi yavalidwa ndi kamtsikana kosadziwa kanthu. Kukoleji tinaphunzirako pang'ono za mafizo, masewero olimbitsa thupi la wodwala. Chimene chinandikhala m'mutu n'chakuti munthu wachikulire akagona nthawi yaitali, minofu yake imasungunuka msanga kuposa ya wachinyamata, ndipo kuti ibwerere pamafunika ntchito. M'chipinda cha mafizo cha kumene tinkaphunzirako munali zitsulo ziwiri zazitali zimene wodwala ankayenda pakati pake atagwira uku ndi uku. Kwathu ku Migowi kunalibe zimenezo, ndipo sindinkaganiza kuti ndidzazifuna.

1996, nthawi yokolola

Tsiku lina la sikelo ya amayi oyembekezera kunabwera mayi wina dzina lake Fanesi, mimba itakula ndithu. Nditamaliza kumupima sananyamuke. Anandipempha mafuta opaka zilonda, akuti za amayi ake, za kumsana ndi m'chiuno.

"Zilondazo zabwera bwanji?" ndinafunsa.

"N'kugona, a Sisitala. Anawang'amba pamimba kuchipatala chachikulu, matumbo anapotana. Chibwerereni sanadzukepo."

"Anabwera liti?"

"Tikudya mondokwa."

Apo n'kuti anthu akukolola chimanga chouma. Ndinamupatsa mafutawo, koma mtima sunakhale pansi. Madzulo ndinakawauza a Chikopa kuti ndikufuna kukawaona mayiwo. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Petulo kulibe," anatero. "Ndiponso opaleshoniyo sitinachite ife. Mukakawadzutsa, akakomoka m'manja mwanu kapena bala likatseguka, dzina limene lidzatchulidwe m'mudzi monse ndi lanu. Ine sindinakutumeni."

Ndinati ndamva, n'kutembenuka. Ndili pakhomo anawonjezera, maso ali pamapepala awo: "Njinga yanga yakapalasa ili kuseriko. Mabuleki akumbuyo sagwira."

Loweruka ndinakubereka iwe Tiya, n'kukumanga ndi zitenje ziwiri chifukwa chimodzi sindinkachikhulupirira, ndipo ndinapalasa kulunjika ku Michesi. Potsetsereka ponse ndinkatsika n'kumakankha. M'minda munali mudakali miyala ikuluikulu imene napolo anaigubuduza zaka za m'mbuyomo, anthu akungolima moizungulira.

Amayi a Fanesi dzina lawo linali Eneleti, koma mudzi wonse unkangoti anganga. Ndinawapeza m'nyumba ya mdima, pamphasa, atafunditsidwa bulangete dzuwa likuswa panja. Anandipatsa moni m'Chilomwe, ndipo ataona kuti ndikungomwetulira, anasintha n'kuyamba Chichewa chawo chokoka mawu. Anali mayi wamtali, wa mafupa akuluakulu, wooneka kuti khasu ankalidziwa. Koma nditavundukula bulangete ndinaona ntchafu zitatha, khungu likungolendewera pafupa. Ndinawapempha kuti akweze mwendo. Chidendene chinangokwekwereza pamphasa. Kenako ndinaona pamimba. Bala linali litapola kalekale, louma, loyera, lopanda chotupa. Ndinadina mbali zonse, sanamve kuwawa.

"Akudya chiyani?" ndinamufunsa Fanesi.

"Phala lamadzi. Zolimba tikuopa zingadule ulusi wam'kati."

Ndili pomwepo kunabwera amayi atatu a kumpingo kudzazonda. Anganga anayesa kudzuka pachigongono kuti awalonjere, ndipo onse atatu anatambasula manja: "Musadzuke, musadzuke, ife tabwera kudzaona inu." Anawagonekanso bwinobwino n'kuwafunditsa mpaka m'khosi. Fanesi anandiuza kuti alendo otere ankabwera tsiku lililonse. Aliyense wokonda anganga ankabwera kudzawagoneka.

Alendo atapita ndinagwada pafupi n'kufunsa, "Anganga, inuyo mukufuna chiyani?"

"Mwana wanga, munda wa nandolo uli kumtundako ndinabzala ndekha. Lero Fanesi, ndi mimba yake, akundiikira mbale kunsi ngati khanda. Ndikufuna kupita kuchimbudzi ndi miyendo yanga, nditseke chitseko. Zina zonse n'zina."

"Nanga akang'ambika?" anatero Fanesi. "Inu mubwerera ku Migowi. Ine ndidzawauza chiyani achimwene anga?"

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba, ndikukuyamwitsa iwe. Njira yosavuta inalipo. Ndikanasiya mafuta, n'kunena kuti aziwatembenuza, n'kupalasa kubwerera, ndipo palibe akanandinena. Koma ndinkadziwa chotsatira. Zilonda zikanakula, chifuwa chikanadzaza, ndipo mvula isanagwe anthu akanati opaleshoni ija yawapha. Njira inayo inali yoti ndiike dzina langa pamimba ya munthu amene sindinamusoke ine. Ndinapemphera pemphero lalifupi losalongosoka, ndinakubereka, ndipo ndinalowanso.

"Anganga," ndinatero, "lero tikhala tsonga."

1996, m'nyengo yozizira

Tinayamba ndi zazing'ono. Tsiku loyamba atangokhala tsonga anati nyumba ikuzungulira, thukuta lili kamukamu. Tinadikira, chizungulire chinatha. Ndinawaphunzitsa kupinda ndi kuwongola mawondo, kukankha dzanja langa ndi phazi, kufinya ntchafu ngati akuponda dothi loumbira njerwa. Fanesi ndinamuuza kuti aziwachititsa m'mawa ndi madzulo, ndipo kuti alendo akabwera aziwapeza atakhala, osati atagona. Za chakudya tinakangana. Matemba chaka chimenecho anali osowa chifukwa nyanja ya Chilwa inali itaphwa, choncho ndinati mazira, nandolo wa chaka chatha, ndiwo zotendera, chilichonse chomanga thupi.

"Mazira?" anatero anganga. "Ndidye nkhuku zanga zisanabadwe?"

"Mukapanda kudya, adzadya ndi anthu pamaliro anu."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Kamtsikana aka n'kopanda ulemu. Fanesi, kaphike awiri."

Loweruka lililonse ndinkapita. Patapita masabata angapo ankatha kukhala okha pamtondo wovundikira pakhomo, akuwothera dzuwa. Nthawi yoti aimirire inakwana, ndipo apa ndi pamene ndinakumana ndi khoma. Anganga, ngakhale anali ataonda, anali olemera, ine ndinali kamunthu kochepa. Fanesi anali atatsala pang'ono kuchira, sakananyamula munthu. Ana aamuna a anganga anali kutali, chifukwa kumeneko mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi wake. Mwamuna yekhayo pakhomopo anali a Laisoni, amuna a Fanesi, mkamwini. Masabata onsewo ndinkangowadziwa ndi chifuwa. Akamachokera kumunda ankatsokomola ali patali, anganga n'kukokera chitenje kumaso, iwo n'kudutsa kuseri kwa nkhokwe.

Ndinawapeza a Laisoni akusema mpini ndipo ndinawapempha kuti adzawagwire anganga m'khwapa. Anasiya kusema, maso ali pansi.

"A Sisitala, mundiuze ndikwere Michesi ndikabwere ndi mwala pamutu, ndipita. Koma apongozi kuwagwira m'khwapa? Chikwatireni pakhomo pano sindinawayang'anepo kumaso."

"Koma ndi matenda awa, bambo."

Mawu anachokera pakhomo, anganga anali atamva zonse. "Auzeni akamwini kuti akandikhudza, manyazi andipha matendawa asanandiphe."

Tsiku limenelo ndinabwerera ndikulira panjinga, iwe ukugona kumbuyo osadziwa kanthu. Munthu wamphamvu analipo, wofuna kuthandiza, wodwala wofuna kuyenda analipo, koma pakati pawo panali chinthu chimene satifiketi yanga sinkachidziwa. Ndipo ndinaona kuti sichinali chidani. Unali ulemu umene anthu awiriwa anasungirana zaka zambiri, ndipo aliyense ankaunyadira.

Loweruka lotsatira, poyedzamiritsa njinga kukhoma, ndinagunda nsungwi ziwiri zazitali zimene zinasokereredwa thumba pakati. Zinali pomwepo masiku onse, koma ndinali ndisanazilabadire. Ndinamufunsa Fanesi.

"Ndi machila amene tinawanyamulira amayi kuchokera kumsewu."

"Ananyamula ndani?"

"Kumbuyo bambo wina wa kumpingo. Kutsogolo bambo a kunyumba kuno."

"A Laisoni? Nanga mwambo?"

"Wakutsogolo amayang'ana kumene akupita, a Sisitala. Ndipo amagwira nsungwi, sagwira munthu."

Ndinaima pomwepo, zitsulo ziwiri za kukoleji zija zili m'maso mwanga. Ndinapempha mpeni n'kudula ulusi wa thumba lija. Nditawafotokozera a Laisoni maganizo anga, anavomera.

Anganga anali pamtondo wawo. A Laisoni anabwera chafutambuyo, atagwira nsonga za nsungwi ziwirizo m'manja, nkhope ili kuphiri. Ine ndinakupereka iwe kwa Fanesi n'kugwira nsonga zakumbuyo. Anganga anali pakati, nsungwi imodzi kumanja, ina kumanzere.

"Machila abweranso?" anatero. "Ndiye andipeza ndikadali moyo."

"Ndi omwewo, anganga, koma thumba tachotsa. Lero thumba ndi miyendo yanu."

Ndinawauza kuti abweze mapazi m'mbuyo, aweramire kutsogolo, akankhe pansi. Nsungwi zinapindika, mikono yanga inatentha, mawondo awo ankagundana. Anaimirira. Sanakhalitse, anakhalanso pansi akupuma mwabefu. Koma anali ataimirira, ndipo Fanesi anabisa nkhope m'chitenje chimene unakulungidwamo iwe.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga ina inali yonyamula mawu. Anthu awiriwa ankatalikirana mkono umodzi wokha, koma chilichonse chinkadzera mwa ine.

"A Sisitala, afunseni apongozi ngati ndiyambepo."

"Auzeni akamwini ayambe, koma achepetse liwiro. Sakupita kumowa."

"Auzeni kuti mowa ndinasiya."

"Auzeni kuti nkhope yawo sindiidziwa, koma fungo ndimalidziwa."

Tsiku lina tili pakati pa bwalo, mawondo a anganga anangopindika. Anakuwa, dzanja limodzi n'kusiya nsungwi kukagwira pamimba. Ana anga, m'moyo wanga wonse wa ntchito sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo. Mawu a a Chikopa anandibwerera onse. A Laisoni anamva kulemera kukusintha m'manja mwawo, koma sanacheuke. Anayamba kugwada pang'onopang'ono, msana uli chilili, ine n'kumatsika nawo limodzi, mpaka anganga anafika pansi ngati tawakhazika dala.

"Ndinanena ine," Fanesi ankalira, "ndinanena."

"A Laisoni, musacheuke," ndinatero ndikumasula chitenje cha anganga.

"Sindingayerekeze."

Nditatsegula ndinapeza chipsera chili chimodzimodzi, chouma, chotsekeka. Ndinadina, ndinawauza kuti atsokomole, palibe chimene chinatuluka kapena kutupa. Unali mnofu chabe umene unakokeka, ndi mantha. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo.

Anganga anayang'ana kumwamba, kenako kumtunda kumene nandolo wawo anali atachita maluwa. "Fanesi, tonthola," anatero. "Ndagwera panja. Miyezi yonse ija m'nyumba sindinagwepo, koma ndinkatha." Anapukuta fumbi m'manja. "Sisitala, auzeni akamwini adzuke. Agwada mokwanira, ine si wansembe."

Fanesi atachira mwana wamwamuna, nsonga zakumbuyo pakati pa sabata zinkagwiridwa ndi amayi a kumpingo, omwe aja a "musadzuke". Ndinawaonetsa kagwiridwe kake, ndipo posakhalitsa ankalimbirana. Ntchafu zinayamba kudzaza, zilonda za kumsana zinapola. Loweruka lina tinayenda bwalo lonse, kudutsa nkhokwe, mpaka pakhomo pa chimbudzi. A Laisoni anapatukira kumbali, nkhope ili kumunda. Anganga anasiya nsungwi, anagwira khoma, analowa okha n'kutseka chitseko. Tonse tinaima panja kudikira. Atatuluka anamanga chitenje chawo bwinobwino n'kunena motsitsa, "Palibe wandiona."

1996, nthawi ya nandolo

Pambuyo pake nsungwi ziwiri zinasanduka imodzi, a Laisoni ataidula kuti ikhale ndodo. Iwe Tiya unadwala chifuwa, ndipo kwa masabata angapo sindinapite ku Michesi. Ndinkadandaula kuti mwina abwerera pamphasa.

Tsiku lina la msika, dzuwa litakwera, a Chikopa anandiitana ali pakhonde. "Sisitala, tabwerani mudzaone odwala anu a kunja kwa mpanda."

Pamsewu pankabwera a Laisoni akukankha njinga, pakaliya atamangapo pilo, koma popanda wokwera. Kumbuyo kwawo kunali anganga Eneleti, ndodo yansungwi m'dzanja, kamtolo ka nandolo pamutu. Ananyamuka m'mamawa, akupuma m'mithunzi, ndipo njira yonse anakana kukwera. Atafika pageti anatula kamtoloko m'manja mwanga, akupuma mwamphamvu, nkhope ili ngwee.

"Uyu ndathyola ndekha," anatero. "Umuphikire mwana. Ndipo Sisitala, popeza uli pano, auze akamwini kuti pobwerera afulumireko. Njira yonseyi ndakhala ndikuwaponda zidendene."

A Laisoni, maso ali kumsika, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, anati, "Auzeni apongozi kuti ndamva."

A Chikopa anayang'ana miyendo ya anganga nthawi yaitali. Kenako anati, "Njinga ija ndikakonzetsa mabuleki." Mwezi usanathe, pakhonde la kachipatala kathu panali nsungwi ziwiri zoyedzamira khoma.

2003 ndi zaka zotsatira

Atandisamutsira kufupi ndi Fort Lister, iwe Madalitso utabadwa, nsungwi ndinapita nazo. Ndayendetsapo madala ochitidwa opaleshoni ya chophukacho, amayi ochotsedwa chiberekero, ndi ena othyoka chiuno. Si onse amene anayenda, ena tinawapeza mochedwa. Koma ambiri anayenda, ndipo pakhomo lililonse nkhondo yoyamba sinali ya miyendo, inali ya achibale okonda munthu wawo. Anganga Eneleti anakololanso nandolo zaka zingapo, ndipo mpaka kumwalira kwawo iwo ndi a Laisoni sanayang'anepo kumaso.

Tsono ana anga, adokotala amene anandichita opaleshoni anena kuti ndiziyenda, ndipo inu munali pomwepo. Mawa m'mawa ndikufuna kukafika kukhola la nkhuku. Miyendo ikunjenjemera, sindikana, ndipo mantha aja sanathe onse. Madalitso, kuseri kwa bafa kuli nsungwi, udule ziwiri zowongoka. Iwe Tiya udzagwira kumbuyo. Kutsogolo auze amuna ako. Mapewa ndawaona, ali nawo, ndipo ngati akuchita manyazi ndi apongozi awo, aziyang'ana kumene tikupita.